Maliro a Bambo Amene Anapita Kukameta

Ku Mtendere kuli kamsewu kena kamene mpaka lero ndikamadutsa, azimayi ogulitsa tomato amakodolana n'kumanong'onezana kuti, "Ni uja." Sindinabe kanthu, ndipo mwamuna wa munthu sindinalande. Ndinangochita zimene anandiuza, kungoti ndinazichita ndi mtima wonse, mwa chikwathu.

Ine kwathu ndi ku Chongwe, cha kwa Nkomeshya. Makolo anga anachokera ku Chipata kalekale kudzafuna minda. Kumudzi kwathu zosangalatsa zinali kwaya ya Lamulungu, mpira wa anyamata pabwalo la sukulu, ndi ukwati ukapezeka. Zikatha izi umangokhala n'kumayang'ana mbuzi. Choncho nditamaliza sukulu ndinavuta kwambiri kuti ndipite ku Lusaka, kwa msuweni wanga Enelesi amene amaluka anthu tsitsi ku Mtendere. Amayi anakana mpaka anatopa. Pomaliza anati, "Yenda. Koma mvula ikagwa ulibe chochita chooneka, ubwele kuno tibyale chimanga." Ndinavomera mofulumira chifukwa mvula inali kutali.

Lusaka anandizunguza mutu, ndipo ndinamukonda tsiku loyamba lomwe. Uku kukulira rumba ya ku Kongo, uku nyimbo za kalindula, kuseri kwaya ikuyeserera m'Chibemba, pamsewu mnyamata akujambula nkhope ya munthu ndi makala pomwepo munthuyo akudikira. Ndinkatumidwa kukagula ulusi wolukira tsitsi, n'kubwerako dzuwa litapendeka ulusiwo ndilibe (Enelesi anandipirira, Mulungu amudalitse). Tsiku lina pamsika ndinapeza anthu ataunjikana. Achinyamata ena ankachita sewero la kolera, wina akudzipinda ndi m'mimba, wina wavala jasi ya udokotala yomupitirira manja. Anthu ankaseka mpaka kugwirana. Ine ndinaima pamenepo pakamwa yasa, mtima ukuti, ntchito yanga ndi iyi.

Mtsogoleri wa gululo anali Ba Mwansa, mnyamata wamtali wa tsitsi lopotana, amene ankavala kansalu m'khosi ngakhale kutentha kwa Okutobala. Ndinamutsatira mpaka pokwerera basi.

"Uziba kuchita chani?" anandifunsa.

"Vonse," ndinatero (bodza lenileni, sewero langa lomaliza ndinali nkhosa pa Khirisimasi).

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapatapata. "Tili na sewelo yatsopano. Tifuna mukazi umozi wolila malilo. Bwela pa Chiwelu tikuyese. Koma uzibe, alipo winangu amene afuna malo yamene ayo."

Apa n'kuti mitambo itayamba kusonkhana madzulo aliwonse, ndipo amayi anali ataimba kale foni kundiuza kuti mbewu agula. Malo amenewo akanandiphonya, ndinali wa khasu.

Loweruka linafika. Gululi linkayeserera m'kalasi ya sukulu ina, koma tsikulo a mpingo anali atalowamo ndi msonkhano wawo, ndiye Ba Mwansa anati tonse tipite kunyumba kwa bambo ake. Chimene sindinkadziwa n'chakuti bambowo, amene aliyense ankangowatchula kuti ba Mudala, anali atangotuluka m'chipatala ndi matenda a shuga, ndipo msewu wonse unkawadera nkhawa. Chinanso, masana amenewo iwo anali atatulukira khomo lakuseri kupita kukameta, popanda woyandikana nawo aliyense kuwaona.

M'chipinda chochezera anayala mphasa. Mnyamata wina wa m'gululo, Kelvin, anagona pamenepo n'kumufunditsa nsalu yoyera mpaka kumutu. Iyeyo ndiye anali malemu. Woyamba kuyesedwa anali mnzanga wopikisana naye uja, mtsikana wa m'tauni wa nsidze zomata. Anakhala pampando, n'kumadzigunda pansi pa diso ndi kapepala kuti utoto usachoke, akuti, "Dadi, dadi." Ine ndinachita manyazi m'malo mwake. Munthu ameneyu ndiye kuti sanaikepo wachibale?

"Manje iwe," anatero Ba Mwansa. "Yambila pa geti. Uchite monga wamvela uthenga kuti batate bako bamwalila, ndiye ufika."

Tsono pano mundimvetse. Kwathu maliro salira ndi maso okha. Umayambira patali, pamene waonera denga la nyumba ya maliro, kuti a m'nyumbamo adziwe kuti kukubwera wachibale. Chitenje umamanga cholimba, manja kumutu, ndipo polira umalankhula naye womwalirayo, kumufunsa mafunso ndi kumukumbutsa zabwino zake. Ukafika pakhomo umadzigwetsa, ena akugwire. Ndinakula ndikuona amayi ndi anzawo akuchita zimenezi, ndipo palibe anandiuzapo kuti pali kaliridwe kena.

Nditafika pageti ndinaona kuti pafupika kwambiri. Kuchokera pamenepo kufika pakhomo, mawu sangatenthe n'komwe. Ndiye ndinatuluka, n'kuyenda mpaka pakona pamene amagulitsa tomato. Ndinavula mapatapata, ndinamanga chitenje, ndinakumbukira khasu limene linkandidikira ku Chongwe, misozi n'kubwera yokha. Kenako ndinatsegula kukhosi.

"Mayo ine, atate mwatisiya. Mwatisiyila ndani nyumba iyi? Dzulo tinali tonse, lelo mwagona osalaila. Ndani azatigulila buledi, atate?"

Sindikudzitama, koma mawu ndili nawo. Agalu anayamba kuuwa. Wailesi ya pashopu inazimitsidwa. Ndisanafike n'komwe pageti, ndinamva mawu ena akundilandira kumbuyo, okuluwika bwino, a munthu wodziwa ntchito. Anali mayi wonenepa wa nyumba yoyandikana, Amake Juniya, akuthamanga uku akumanga duku. Pambuyo pake panali ena atatu, pambuyo pawo enanso.

Inu mukanaganiza chiyani? Ine ndinali mlendo, anthu a m'gululo sindinkawadziwa onse. Ndinangoti awa ndi anzathu a sewero, Ba Mwansa anawabisa kuti aone ngati ndingathe kutsogolera. Ndiye ndinawonjezera moto. Ndinafika pakhomo n'kudzigwetsa, fumbi kobo. Amake Juniya anandigwira m'chiuno, anasuzumira m'nyumba, anaona thupi lofundidwa nsalu yoyera, ndipo anakuwa mokuti ine ndemwe ndinachita nsanje.

"Ba Mudala bayenda. Nabaona dzulo chabe bali kuwotha zuba."

Zitatero zinthu zinayenda zokha, chifukwa pamaliro aliyense amadziwa ntchito yake. Azibambo anatulukira kumene anatulukira n'kuyamba kutulutsa masofa panja. Wina anachotsa tebulo, wina ananyamula wailesi yakanema kukaisunga kuchipinda. Azimayi anadzaza m'nyumba, anakhala pansi miyendo tambalale kuzungulira Kelvin, nyimbo ya maliro n'kuyamba. Mayi wina anabwera ndi mbaula, wina ndi kabichi. Bambo wina anali kale pafoni kuuza a kumpingo.

Ba Mwansa anayesetsa, ndisawanamizire. Anaima pakati akukupiza manja. "Imwe bantu, ni sewelo chabe. Palibe wamwalila."

"Limba mutima, mwana wanga," anatero Amake Juniya, akumukhazika pansi mwamphamvu. "Vimachitika. Mutu umasokonezeka." Azibambo awiri anamutulutsa panja atamugwira m'mapewa, wina akumupatsa madzi.

Pamenepo m'pamene ndinazindikira. Ndinayang'ana nkhope za azimayiwo, misozi yeniyeni, mamina enieni. Koma ndikanatani? Ndinali pakati penipeni, mutu wanga uli pamiyendo ya mayi wina amene ankandisisita akufunsa anzake, poyesa kuti ndine mwana wa ba Mudala wa kumudzi, kuti, "Uyu ni mwana wa kumushi, ayi? Bana ba kumushi ndiye baziba kulila." Ndikanangosiya mwadzidzidzi akanandidya wamoyo. Ndinangotsitsa mawu n'kumalira pang'onopang'ono, ndipo tsopano ndinkadzilira ndekha. Kelvin naye pansi pa nsalu anali atauma gwa. Anatiuza pambuyo pake kuti anaganiza zodzuka, koma ataona kuchuluka kwa anthu kudzera pakabowo ka nsaluyo, anasankha kukhalabe wakufa.

Kenako kunja kunangoti zii.

Zimene zinachitika kumeneko ndinaziona pazenera nditadzutsa mutu. Ba Mudala anali atabwerako kometa kuja, chipewa kumutu, shati yopisira bwino, ndodo m'manja. Ataona anthu pakhomo, monga munthu wolemekeza maliro, anavula chipewa, mutu uli mbee, anayenda mwakachetechete n'kukakhala kumapeto kwa sofa yawo yomwe. Bambo amene anali pambali pawo anali ataweramitsa mutu. Ba Mudala anamugwira pabondo.

"Pepani, batate. Nindani watisiya?"

Bamboyo anadzutsa mutu. Sindinaonepo munthu wamkulu akulumpha mpanda ngati mmene analumphira iyeyo, nsapato imodzi inatsala pasofa. Ena anathawira kugeti n'kupanikizana pomwepo. Mayi wa kabichi uja anangokhala pansi n'kuyamba kupemphera.

Ba Mudala analowa m'nyumba, azimayi akudzikanikiza kukhoma. Anafika pamphasa, anakweza nsalu ndi ndodo, anamuyang'ana Kelvin amene anali thukuta lokhalokha.

"Iwe, uka. Nikafa nizagona neka."

Mukanaona mmene maliro anasandukira mlandu. Amake Juniya, amene posachedwapa ankandigwira ngati mwana wake, tsopano ankafuna kundimeza. "Malodza aya. Kulila muntu wamoyo? Uyu mwana afunika kubwezewa kwamene achokela." Ena anavomereza. Ba Mwansa sankandiyang'ana n'komwe, kansalu kake ka m'khosi kali m'manja. Ine ndinagwada pakati pa nyumba, ndikuona kale basi ya ku Chongwe, ndi nkhope ya amayi akundipatsa khasu.

Ba Mudala anakhala pampando umene wina anabwezeretsa mwamsanga. "Wamene anayamba kulila nindani?"

Ndinakweza dzanja ngati kusukulu.

"Ninakumvela nili ku baba shopu," anatero. "Wometa anaimilila na makina. Ine neka misozi inabwela, nati uyu muntu wamwalila anali wabwino maningi, anali kugulila bana buledi." Anaima kaye, mapewa akugwedezeka, ndipo ndinazindikira kuti akuseka. Anaseka mpaka kutsokomola. Kenako analoza mwana wawo ndi ndodo. "Iwe Mwansa, zaka zonse izi uchita masewelo pano, nindani anabwelapo kuzaonelela? Ngakhale galu. Uyu wabwela lelo, komboni yonse ili pano na kabichi. Ukamusiya ndiwe chipuba, chitsilu chenicheni."

Atatero anatembenukira kwa Amake Juniya. Ndinamva pambuyo pake kuti awiriwa anali asakulankhulana kuyambira kale, nkhani ya madzi ochapira amene ankayenderera kulowa pabwalo la ba Mudala.

"Na imwe, Amake Juniya, nimwe munali kulila so? Nenze kuganiza kuti nikafa muzaphika mupunga."

Mayiyo anayesa kukwiya, koma maso anali akadali ofiira. "Imwe naimwe, muziuzako bantu mukayenda kugela tsitsi," anatero, n'kutola mbaula ija kukasonkha moto. Kabichi uja sanabwerere. Anaphikidwa pomwepo, tinadya tonse, ndipo azibambo amene anatulutsa masofa anawalowetsanso okha.

Malo aja ndinawapeza. Mnzanga wa nsidze zomata anapatsidwa kukhala nesi, ndipo zinamukhala bwino. Mvula yoyamba inagwa tili m'kati moyeserera, ine ndinaima pakhonde n'kumaiyang'ana popanda mantha. Tsiku loonetsa sewerolo muholo ya m'tauni, amayi anakwera basi kuchokera ku Chongwe atavala chitenje chawo cha kutchalitchi. Kutsogolo kunakhala ba Mudala ndi Amake Juniya, akulimbirana chikwama cha mbuliwuli. Nditalowa ndikulira kuchokera kukhomo lakumbuyo, holo yonse inatembenuka, ndipo ndinaona azibambo a masuti akufunafuna mipango m'matumba.

Titamaliza, amayi anandikokera pambali. Sanandiyamikire, si khalidwe lawo. Anangoti, "Pozigwetsa uja unafulumila, uyembekeze bakugwile." Anakonza duku. "Chimanga tabyala kale na mulongosi wako. Iwe nkhala kuno."

Ndinalira pomwepo, ulendo uno mwakachetechete, moti palibe anatulutsa sofa.

Ndili ku Lusaka mpaka lero, ndipo m'masewero athu ndaika anthu ambiri m'manda. Mukandifunsa ngati ndinaphunzirapo kanthu, ndinganene kuti inde, pang'ono. Ndikafika pamalo achilendo poyeserera, ndimayamba ndafunsa ngati m'nyumbamo muli wodwala, ndipo ndimapita ndekha kukachenjeza oyandikana nawo. Koma zoti ndiziyambira pageti, Ba Mwansa anatopa nazo kundiuza. Pageti m'pafupi kwambiri.