Dzina Lomaliza Limasowa

Lolemba
Nzeru ndaipeza! Kompyuta ya pa ofesi yathu ya alimi kuno ku Ntchisi imakomoka mafayilo akatseguka ambiri. Ndiye ndalemba kapulogalamu ka tonse: katsegule fayilo ikafunika, kaitseke ntchito ikatha. Tizikagwiritsa ntchito ine ndi a Chimphonda, mdala wa ku gawo la mbewu. Bwana akuti zikayenda ndipita ku kosi ku Lilongwe. Lilongwe, mayo! Nsapato ndapolisha kale.

Lachiwiri
Mayina a alimi a ku Kasakula olandira mbewu alowa onse. Faifi koloko, a Chimphonda azula pulagi kukhoma ngati chinangwa. "Magetsi a boma awa, achimwene."

Lachitatu
Dzina limodzi lasowa, lomaliza. La ndani? La a tcheyamani a chipani, poti akuluakulu amafika mochedwa! Abwera okha, baji pachifuwa: "Makina anuwa anagula khadi la chipani?" Ndaseka. Iwo sanaseke. Ndalowetsanso dzinalo.

Lachinayi
Lasowanso! Ndafufuza mpaka mutu kuwawa. Kani a Chimphonda anafufuta m'kapulogalamu kaja mzere wotseka fayilo, ati makina amalira kwambiri, atha msanga. Fayilo ikapanda kutsekedwa, dzina lomaliza limangokhala m'malere, pulagi ikazuka ndiye lapita. Ndawafotokozera katatu. Yankho: "Ine ndinayamba ntchito inu muli pa thewera."
Zochita mawa:
kubwezera mzere
kumata pulagi ndi selotepi
kupemphera

Lachisanu
Mzere ndabwezera m'mawa, masana aufufutanso. Selotepi amatira maenvulopu. A tcheyamani ndawaika pamwamba penipeni pa mndandanda wa mayina. Atuluka akumwetulira, ati makina ayamba kuphunzira ulemu. Basi, ndapulumuka.

Loweruka
Bwana akulowetsa okha mayina a opita ku kosi, ndi chala chimodzi, motsata ukulu. A Chimphonda poyamba. Ine wamng'ono pomaliza. Pomaliza! Ndikudumpha mpando kuti nditseke fayilo, koma pulagi ili kale m'manja mwa mdala uja. Loweruka timaweruka thwelofu. Disiki ya mayinawo yakwera galimoto ya ku Lilongwe ine ndikadafotokoza. Bwana: "Musadandaule, tilemba kalata."

Lamulungu
Mvula usiku wonse, msewu waduka. Kalatayo ikafika kosi itatha, ndikudziwa. Kutchalitchi ndakhala kumbuyo, nyimbo sindinaimbe, mtima ukuwawa zenizeni. A Chimphonda ndi amene akukaphunzira za makompyuta. Andipatsa moni pakhomo, ati pulagi ndiziisamala iwo akachoka. Nsapato zija ndabwerera nazo kunyumba m'manja, matope mpaka m'mawondo.