Tizipsera ta pa Tipoti ya Adona

Inu, musandione ndi dengu la tiyi kumsanaku. Ine Fackson ndinali woperekera zakudya kunyumba ya abwana a esiteti, wovala zoyera, mpaka chaka cha 1929. Chinanditsitsa ndi ukhondo.

Adona anali ndi tipoti yasiliva ya agogo awo, yochokera ku Ayalandi. Nditaitembenuza ndinapeza tizipsera tinayi takuda kunsi kwake. Ndinapsa mtima. Litsiro m'nyumba yanga? Phulusa linalephera, mchenga unalephera, koma tupa wa kufakitale sanandichititse manyazi. Panasalala bwinobwino. Paja ndadziwakale anamanga nyumba yopanda khomo.

Lachisanu adona akuti, "Fackson, Lamlungu kukubwera adokotala odziwa zizindikiro za siliva. Adzawerenga kunsi kwa tipoti, kuti tidziwe mmisiri amene anaisula."

Kani tizipsera tija tinali zizindikiro! Ntchito inali itapita! Ndinathamangira kwa a Zakeyu, okhoma manambala pa zitsulo za kufakitale, kuti akakhomenso tizipserato.

"Panali chiyani, achimwene?"

"Kazeze kovala chisoti, kamayi kokhala pansi, ndi zilembo."

"Zilembo zanji?"

"Ndinkakwecha ine, sindinkawerenga."

Zeze wawo anatuluka ngati phazi la nkhuku. Mayiyo anamukana, ati mkulu wa mpingo sajambula akazi a eni. Pa zilembo anakhomapo Z.K.

"Wagwira ntchito ndine," anatero.

Lamlungu adokotala anaika galasi padiso. Anasuzumira, anatsokomola, anasuzumiranso. Koma tamverani, mzungu wophunzira salola kunena kuti sindikudziwa.

"Dona, uyu ndi mmisiri wakalekale wa ku Cork, ku Ayalandi. Ntchito zake n'zosowa kwambiri. Mwina zatsala ziwiri dziko lonse."

Adona mpaka misozi. Anandiyamikira pamaso pa alendo kuti ndimasamala katundu. Ndinayenda chifuwa patsogolo masiku atatu.

Chomwe sindinkadziwa n'chakuti a Zakeyu amakhoma dzina lawo pa chilichonse chimene akonza. Lachitatu adona anapita kuseri kukadzudzula za ntchentche, n'kupeza chidebe cha kuchimbudzi chitavundikiridwa padzuwa. Kunsi kwake kunali Z.K.

"Fackson, ichi n'chiyani?"

Ndinavula chipewa mwaulemu.

"Mwayi wanu, adona. Yachiwiri ija yapezeka."

M'mawa mwake akapitawo anandipatsa dengu ili.