Tsiku limene ankhoswe anga anakankha galimoto ya apongozi

Mpaka lero ndikadutsa mumsewu wina wa ku Lawrence, dera la mzinda wa Indianapolis kuno ku America, ndimayang'ana pansi, chifukwa alipo azungu ena kumeneko amene ali ndi kanema wanga m'mafoni mwawo. Sindikuoneka bwino m'kanemayo. Ankhoswe anga akuoneka moipa kuposa ine.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba ku South Bend, ndipo mtima wanga unali ku Indianapolis, kwa Thoko, mwana wa a Chimwaza. Thoko anakulira konkuno. Chichewa amamva chonse, koma ukamufunsa amakuyankha m'Chingerezi. Bambo ake ndi munthu wosalankhulalankhula, wogwira ntchito kuchipatala, amene atangofika ku America anakhala pafupi ndi bwalo la mpikisano wa magalimoto ku Speedway n'kutengerako matenda. Ankamanga chimene kuno amati hotirodi: umatenga chigoba cha galimoto ya makedzana, n'kuikamo injini yaukali, kenaka n'kumayenda pang'onopang'ono kuti anthu akuone.

Tsiku loyamba kukaonekera kwawo, amayi ake ananditumiza kugalaja kuti ndikapereke moni kwa bambo. Ndinapereka moniwo, iwo anayankha, basi kunagwa zii. Chete wa bambo a mtsikana ndi woopsa, abale. Pofuna kuthawa cheteyo, pakamwa panga panatuluka mawu akuti zamagalimoto ndimazidziwa, ndinakulira pafupi ndi galaja ku Ndirande. (Kukulira pafupi n'zoona. Koma ntchito yanga yonse pagalajapo inali kukankha maminibasi okana kulira.)

Nkhope yawo inawala. Anati Mulungu ndiye wandituma, chifukwa injini imene ankaifuna inali ku South Bend komweko, kwa mkulu wina amene ankagwira ntchito kufakitale ya magalimoto imene inatsekedwa kalekale. Ndinabwereka pikapu n'kupita. Mkuluyo anandipakirira injini, giyabokosi, makatoni a tizitsulo, ndiponso chimpope chachitali chadzimbiri. Ndinachiyang'ana chimpopecho n'kuganiza kuti agogowa akungofuna kuyeretsa pakhomo pawo. Kupita nacho kwa apongozi ndinaona kuti n'chipongwe, koma kutaya chitsulo chabwinobwino Mmalawi sangathe. Ndinachitsitsira kuseri kwa nyumba imene ndinkachita lendi, kumene ndinali ndi kadimba. Malo anali ochepa, choncho ndinachizika pakati, n'kumangirira zingwe mpaka kumpanda kuti maungu anga aziyanga m'mwamba.

Injini tinailowetsa bwinobwino, iwo akulamula, ine ndikukoka tcheni. Ndikati ndisaname, masiku amenewo ndinkasangalala. Loweruka lililonse ndinkatsika ndi thumba la nkhwani la amayi, ndipo bambo ankadya akugwedeza mutu, amvekere nkhwani wotere anamulawa komaliza ku Dowa.

Kenaka anawachita opaleshoni ya msana, adokotala n'kuwaletsa kuwerama. Zonse za kunsi kwa galimoto zinagwera ine katswiri. Loweruka lina anachedwa kuchipatala kumafizo a msanawo, ndipo pofika anandipeza ndili chagada pansi pa galimotoyo, ndikumanga bawuti aliyense amene maso anga anamuona, ngakhale womangidwa kale.

“Achimwene, shafiti ija mwaiika?” anafunsa ataima ndi ndodo yawo.

Tsono tamverani. Kwathu sitinaleredwe kuuza munthu wamkulu kuti sindikudziwa, makamaka munthu amene ukufuna mwana wake. Umavomera kaye, zinazo Mulungu aona. Ndinkati ndikafika kunyumba ndifufuza kuti shafiti n'chiyani.

“Zonse zatheka, bambo,” ndinayankha ndili pansi pomwepo.

Kufufuza kuja ndinaiwala.

Linafika tsiku lofunsira mbeta. Amalume anga ali kumudzi, choncho a Mbewe, mkulu wa mpingo wathu ku South Bend, ndiwo anandiimira ngati ankhoswe. Ndi munthu wathupi, wa shuga, ndipo tsikulo anavala suti yawo ya maukwati. Zokambirana zinayenda bwino, koma akuchikazi anati yankho lenileni libwera tikadya. Podikira chakudya, a Chimwaza anaitanira amuna onse kugalaja kuti akaone chimene iwo ndi mnyamata uyu apanga. Anandigwira paphewa ponena zimenezo. Mtima wanga unachita kudumpha ndi chimwemwe.

Anakhala pachiwongolero n'kupotokola kiyi. Sitata yakale ija inangoti kete kete, basi. Anayesanso, chimodzimodzi. Apa ndikanakhala wanzeru ndikanatseka pakamwa. Koma inali nthawi yokhayo pa ntchito yonseyi imene chinthu chimene ndimachidziwadi chinafunika.

“Bambo, tingoipusha,” ndinatero. “Muike giya yachiwiri, ndikakuwa musiye kilachi.”

A Mbewe anavula jekete n'kupinda malaya. Akuchikazi nawo sanafune kuoneka aulesi pamaso pa alendo. Tinaitulutsira mumsewu, amuna a matayi okhaokha, n'kuyamba kuthamanga nayo. Liwiro litakwana ndinakuwa. Bambo anasiya kilachi. Amene anakankhapo galimoto akudziwa kuti pamenepo imayenera kugwedezeka, kutsokomola, n'kukusiyani mu utsi. Iyi inangopitirira kuyenda mwaulemu ngati ngolo ya mushopu.

Ndinati liwiro lachepa. Tinabwerera nayo n'kuyambiranso. Ndinati tiyese giya yachitatu. Ndinati tipite uko kotsetsereka. Azungu oyandikana nawo anasiya kutchetcha kapinga n'kutulutsa mafoni (kuno galimoto ikakana amangoitana galimoto yodzaikoka, ndiye ankaona ngati ndi mwambo wa ukwati wa kwathu). A Mbewe anafika poti sakukankhanso, angokoleka manja pagalimoto kuti iwakoke. Kenaka anakhala pansi m'mbali mwa msewu, thukuta lili kamukamu, n'kupempha madzi ndi switi.

Bambo anaponda buleki. Anatsika pang'onopang'ono, n'kuitana Thoko amene ankaonerera ali pakhonde. Anamuuza kuti alowetse foni kunsi kwa galimoto ajambule. Atalandira foniyo anaiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anandipatsa ine. Pakati pa giyabokosi ndi matayala akumbuyo panalibe chilichonse. Panali mpweya. Injini inali payokha, matayala paokha, ngati banja losalankhulana. Tikanatha kuikankha mpaka ku South Bend osalira.

Anandifunsa motsitsa mawu kuti shafiti ili kuti. Ndinayang'ana nsapato zanga. Ndiye anayamba kuifotokoza ngati akuuza mwana: chitsulo chachitali, chonga mpope, chokhala ndi mfundo uku ndi uku. Mawu aliwonse ankandibaya, chifukwa ndinkachiona chili chilili m'dimba mwanga, maungu atachikumbatira.

Ndinaganiza zonama kuti mkulu uja sanandipatse. Koma a Mbewe anali pansi chifukwa cha ine, ndipo Thoko ankandiyang'ana. Ndinagwada pa tala pomwepo n'kunena zonse: za maminibasi a ku Ndirande, za chimpope, za dimba. Ndinadziwa kuti mbeta ndaitaya. Ndani angapereke mwana wake kwa munthu wabodza amene watsala pang'ono kupha nkhoswe yake yomwe?

Kenaka bambo anafunsa, “Ndiye kuti nkhwani uja ndakhala ndikudya ine, akuyanga pa shafiti yanga?”

Ndinavomera.

Anayamba kuseka. Anaseka atagwira msana, akudandaula kuti ulusi wa adokotala uduka, misozi ili mbwembwembwe. A Mbewe nawo anaseka ali chikhalire, switi ili m'kamwa. Atapuma, bambo anauza anthu kuti munthu wokankha galimoto yopanda shafiti mpaka malaya kunyowa, osadandaula, banja akhoza kulipirira, bola aphunzire mawu amodzi okha akuti sindikudziwa. Ine ndinalonjeza kuti mawa lomwe ndikazula chitsulocho.

“Ayi, mkamwini,” anatero. “Musazule. Galimoto yadikira zaka zambiri, idikiranso. Maungu akhwime kaye.”

Aka kanali koyamba kunditchula mkamwini. Ndinalira, sindibisa, ndili chogwada pamsewu wa eni ake, azungu akujambula.

Shafitiyo inakhaladi m'dimba mpaka chisanu chitapha masamba. Ndinaizula, ndinaipala dzimbiri, ndipo tinaimanga limodzi, iwo atakhala pampando ndi kalilole wautali, ine ndili pansi ndikufunsa dzina la kanthu kalikonse. Sanandinyozepo ngakhale kamodzi. Sitata anagula ina. Pa ukwati wathu galimotoyo inalira ndi kiyi, ndipo a Mbewe anakana kuima kumbuyo kwake ngakhale pojambulitsa. Ndimathokoza Mulungu chifukwa cha apongozi amenewa. Ena akanandipirikitsa tsiku lomwelo, ndipo sindikanawaimba mlandu.

Kunena kuti sindikudziwa ndinaphunzira, kuntchito ndiponso kwa Thoko. Koma mwezi wathawu bambo anagula boti lakale, ndipo pa chakudya anandifunsa ngati injini za maboti ndimazidziwa. Ndisanaganize n'komwe, pakamwa paja panayankha kuti pang'ono, bambo.

Anaika foloko pansi n'kundiyang'ana.

“Mkamwini, chaka chino mwadzala chiyani kudimba?”