Tchire la Mkamwini Wanga

Mpaka lero ndikamva dzina la phiri la Michiru, manyazi amandigwira.

Mwana wanga Esinati atabereka mwana wake woyamba, ndinanyamuka kwathu ku Lirangwe kukamuthandiza chikuta. Mwamuna wake ndi mlonda wa nkhalango yotetezedwa, ndipo amakhala m'tsinde mwa phirilo, mbali ya ku Chileka.

M'mawa mwake, ndikukataya madzi kuseri kwa nyumba, ndinaona kamunda kotchinga ndi waya. Tchire lake, abale inu. Udzu, tizitsamba, timaluwa tosadziwika mutu wake, chilichonse ndi kachitsulo kake kozika pambali. Ndinachita manyazi m'malo mwa mwana wanga. Anthu aziti anakulira pakhomo pa yani? (Ine ndine uja ndimapalira mpaka m'malire mwa munda wa eni ake.) Ndinatenga khasu.

Ntchito ili pakati, ndinamva kutsokomola. Anali mkamwini, atagwada patali kuseri kwa mtengo, akuomba m'manja. Paja kwathu mkamwini ndi apongozi sayang'anana m'maso, ndiye ndinafunda chitenje kumutu n'kumupatsa msana.

"Amayi... pepani... pamenepo..."

"Musathokoze bambo, ndi ntchito yathu imeneyi," ndinayankha ndikuyang'ana kuphiri, khasu likupita.

Anathamanga kukaitana mkazi wake kuti adzandiuze ndiye. Esinati n'kuti akusambitsa khanda. Pomwe ankafika ndinali nditamaliza, zinyalala nditaunjika, tizitsulo nditasonkhanitsa bwinobwino pakona, ndikufunsa machesi.

"Mayi, mwatipha," anatero Esinati, manja ali kumutu.

Kani silinali tchire. Zinali zomera zosowa zimene ogwira ntchito m'nkhalangomo anazipulumutsa kumoto wolusa pamwamba pa phiri, akuzisunga kuti adzazibwezere komweko. Tizitsulo tija n'timene tinali ndi mayina ake. Ndipo wozisamala anali mkamwini wangayo.

Posakhalitsa kunabwera bwana wake, mayi wovala magalasi. Sanakalipe, bola akanakalipa. Anakhala pansi pambali pa mulu uja n'kutola kachitsamba kofota ka masamba ofiirira.

"Aka sitinakapezenso pena paliponse m'phiri muno," anatero. Kenako anacheukira mkamwini. "Inu munali kuti?"

"Ndinalipo, bwana."

"Osawaletsa?"

"Ndi apongozi anga, bwana."

Ndinagwada ine, ndi imvi zangazi, kupempha kuti asamuchotse ntchito, mwana akadali wakhanda. Tsiku lonselo tinakhalira kufukula mulu, kudzalanso chilichonse chimene chinatsala ndi muzu (ine ndikungopatsira madzi, khasu atandilanda). Zina zinaphuka. Kofiirira kaja sikanaphuke.

Ntchito sinamuthere mkamwini, koma kuzomera anamuchotsako n'kumuika pageti lolowera m'nkhalangomo. Masiku ano ndikapita kukaona mdzukulu wanga, ndi mkamwiniyo amanditsegulira, nkhope atayang'ana kumbali. Ndipo sindidziwa ngati ukadali ulemu kapena ndi china.