Kompyuta ya Apongozi

Lolemba
Pagalasi la kompyuta palembedwa 3. Zikomo Ambuye! Maseva, makompyuta athu atatu olumikizana, ya ku Petauke, ya ku Nyimba ndi ya ku Ndake, onse akusunga maina amodzimodzi a alimi a thonje. Ina ikafa, enawo amapitiliza. Abwana akuti: "Nambala ikakhala 3 sabata yonse, Loweluka upite." Loweluka ndi tsiku lokaonekela kwa makolo a bwenzi langa Tisa. Suti ndasita kale.

Lachiwili
4! Yachinayi yachokela kuti? Anzanga amalila zikachepa, ine ndikulila zachuluka. Ndafufuza:
mawaya, bwino
netiweki, bwino
ine, si bwino
Maseva akagawikana awili uku awili uku, wotsogolela amasowa. Amangoyang'anana ngati komiti ya kwaya, maina osalowa.

Lachitatu
Ndaipeza, thukuta lili kamukamu. Ndi kompyuta yakale ya muofesi imene ndinapatsa aZulu, bambo ake a Tisa, kuti andione ngati munthu. Sindinafufute za m'kati mwake! Akangoiyatsa kwawo ku Nyimba, imadzilumikiza yokha n'kubwelela kwa anzake. Kuti ndiitsekele kunja pafunika makiyi achinsinsi, makiyi ali ndi abwana, ndipo abwana amaganiza kuti inatayidwa. Ndadziputila ndekha.

Lachinayi
Apongozi suwaimbila foni n'kunena kuti "zimitsani". Unaleledwa kuti? Mawu amadzela kwa ankhoswe. Ndatuma amalume: "Mukawapemphe asaiyatse mpaka Sondo, basi." Amalume akuvomela ndi mutu, pakamwa pali nzimbe.
M'mawa 3. Masana 4. Kenako 3. Kenako 4. Nkhomalilo yandikanika.

Lachisanu
Amalume afika ku Nyimba ndi mawu awoawo: "Mnyamata uja akuti katundu wake musamakhudze."
Tisa pafoni: "Kwanu ku Petauke mphatso imabwela ndi malamulo?" Wadula.
4 tsiku lonse, aZulu sakuzimitsanso. Abwana aima kumbuyo kwanga, mpweya wawo pakhosi panga. "Yachinayiyi ndi ya ndani?" Ndaulula zonse. Ulendo wa mailo Loweluka waphwa.

Loweluka
Suti pamsomali, ine pampando. Chakumasana nambala yabwelela pa 3, yakhazikika. Ndasangalala mphindi ziwili zokha. Minibasi yochokela ku Nyimba yatsitsa katoni pakhomo la ofesi. M'kati muli kompyuta ija, yokutidwa ndi chitenje, mawaya opindidwa bwinobwino. Kalata mulibe.

Lamulungu
3. Tisa sakuyankha. Abwana alamula kuti ndiifufute lelo lomwe. Ndisanatelo, ndatsegula. Muli chikalata chimodzi chokha, zilembo zikuluzikulu, za munthu wotaipa ndi chala chimodzi:

"TAKULANDILANI MWANA WATHU. PAKHOMO PANO TINALIBE MWANA WAMWAMUNA, KOMA LELO"

Mawu a aZulu oti akandilandile nawo dzulo. Sanamalize. Manyazi andigwila, misozi nayo yabwela. Mawuwo ndawakopela papepala ndi bolopeni, kenako ndafufuta.