Sabata Imene Malole Anasanduka Timadontho

Lolemba

Manyazi m'mawamawa. A Kachingwe, katswiri wochokera ku Blantyre, amaliza kumangirira timabokosi tolondola galimoto m'malole athu onyamula masamba a tiyi. Akuyatsa kompyuta mu ofesi mwanga. Mapu a esiteti yonse, timadontho tikuyenda pamenepo! Ine, mwini dipuloma, ndikuweramira pagalasi n'kukuwira dalaivala wathu: "A Mulepa, pondani moto!" A Kachingwe mwaulemu: "Achimwene, kadonthoko kalibe makutu."

Komabe abale, zodabwitsa. Lole ili kuseri kwa phiri, ine ndikuiona ndili phee pampando.

Nkhani ndi iyi: masamba akumafika ku fakitale atapsa chifukwa chochedwa panjira. Timabokositi ndinapempha ndine. Bwana manejala akuti pofika Loweruka ndiwauze wochedwetsayo, apo ayi ndibwerere ku sikelo yoyezera masamba kumene ananditola.

A Kachingwe agona kwathu. Lero lokha, akutero.

Lachiwiri

Chiperoni. Panja sindikuona ngakhale geti, koma makina akuona lole iliyonse ikukwawa m'nkhungumo.

Obwera kudzaona ufiti wa azungu:
- akapitawo, zipewa m'manja
- alonda, geti atalisiya lokha
- mai a Tiya, akazi a dalaivala wathu a Nakoma

"Bambo a Tiya ndi ati pamenepa?" Ndikuwalozera. "Achepa chonchi? Nanga aima pati?" Ndikuti pa sikelo. Sakukhulupirira. Ayala chitenje pansi, akulondera amuna awo mpaka masana.

Wochedwetsa sanapezeke. A Kachingwe sanapite, akuti akuiphunzira kaye netiweki ya kuno.

Lachitatu

Ndamugwira! Kadontho ka a Mulepa kakukwawa ngati nkhono cha ku Khwethemule, kenako kaima, kafiira. Kalata yowachenjeza ndayamba kale kuipeka m'mutu.

A Mulepa akufika, chipewa chili pa bondo. Kunali maliro, akutero. Nthambi zili pamsewu, ndiye munthu udutse ukufukiza utsi? Anayenda pang'onopang'ono, anatsika kukapepesa, basi. Ndikumeza kalata yanga.

Ndikufunsa a Kachingwe ngati kabokosika kali ndi batani la maliro. "Kumene anakapanga saika nthambi pamsewu, achimwene."

Mai a kunyumba akufunsa ngati mlendoyu ali ndi kwawo.

Lachinayi

Kadontho ka a Nakoma kaima m'chigwa, pambali pa mtsinje, osasuntha. Lole yagwera m'madzi! Ndikukwera njinga yamoto, mvula ikundimenya, matope mpaka m'makutu. Pamlatho palibe lole, pali mbuzi.

Ndikubwerera, a Nakoma ali ku fakitale, atsitsa kalekale, akumwa tiyi. M'chigwamo netiweki sifika. Ndili chiimire, ndikudontha, kadontho kaja kakudumpha phiri lonse kamodzin'kamodzi n'kutera pa fakitale. Ndikuombera m'manja ndekha. Lole youluka ndaiona ndi maso angawa!

Loweruka likuyandikira. Dzina ndilibe.

Lachisanu

A Kachingwe akundisonyeza chinthu chimene akanayambira Lolemba: makina amakumbukira. Njira iliyonse imene lole yadutsa sabata ino yajambulidwa ngati ulusi. Ulusi wonse ukulunjika ku fakitale, kupatula umodzi, wa a Mulepa. Uwu tsiku lililonse ukupatuka: lero ku Bvumbwe, dzulo ku Masambanjati, kenako ukukhota kunyumba yaikulu ya pamtunda.

Nyumba ya bwana.

Ndikuitana a Mulepa. Sakubisa n'komwe. "Kabichi wa adona, nthochi za adona. Masamba amadikira kumbuyo. Nanga munthu ungakane?"

Kanthu kochepa ngati bokosi la machesi, kosaopa ngakhale bwana! Ndikukasilira. Ndikukaopanso.

Mai a kunyumba: "Inu, mukangonena kuti ndi chiperoni." A Kachingwe, mbatata ili m'kamwa: "Makina sanama."

Loweruka

Msonkhano mu ofesi mwanga. Ndavala tayi. Ndikuyamba bwinobwino: nyengo, bwana, misewu yoterera, maliro. Bwana akugwedeza mutu. Ndapulumuka.

Pamenepo a Kachingwe, ponyadira ntchito ya manja awo: "Bwana, taonani kukongola kwake." Akudina batani.

Ulusi uja uwo, wofiira, mpaka pakhonde.

Ndikumva madontho a mvula akugwera mu ndowa ya pakona. Bwana akuyang'ana nthawi yaitali. "Makina abwino kwambiri," akutero. Abwino moti sangakhale mu ofesi yothonya ngati ino. Asamukire kwa iwo lero lomwe. Ine, akuti luso langa likufunika pafupi ndi anthu. Ku sikelo, kuyambira Lolemba.

Madzulo lole ya a Mulepa ikufika nthawi yake. Masamba obiriwira, ozizira ngati angothyoledwa kumene. Ndikuwagwira m'manja. Zatheka ndithu.

Lamulungu

Ndikusaka majombo. Limodzi lapezeka, muli mazira a nkhuku.

Sindikudandaula kwenikweni. Tiyi wachira, madalaivala onse ntchito ili m'manja, adona akutuma njinga. Wagwa ndi mmodzi yekha, amene anaitana choonadi kuchokera ku Blantyre n'kuchiyalira mphasa.

Titaweruka ku tchalitchi, a Kachingwe atuluka ndi chikwama. Mai a kunyumba awanyamulira okha mpaka pamsewu, mwaulemu woopsa. Kabaza waima. A Kachingwe akukwera, akundigwira chanza ndi manja awiri.

"Mwezi wamawa ndikudzaika m'mathirakitala. Musavutike kundichingamira, pakhomo ndapadziwa."

Apita.