Chipewa cha a Sandifolo ndi Bambo Robati

Ku Maglas konse, komboni yathu ya kumgodi kuno kuchilendo, munthu wovulira mbalame chipewa anali mmodzi yekha, malemu a Sandifolo. M'mawa uliwonse ankapita pachitsamba cha kuseri kwa nyumba, pomwe pankaimba kambalame kofiira pachifuwa, n'kuwerama ngati aona bwana wa mgodi.

"Mangwanani, a Robati! Mwagona bwanji?"

Ukangofunsa chifukwa, tsiku lako lathera pomwepo. Ankafotokoza kuti kale Angerezi ankangokatchula kachifuwa kofiira, kenako anakakonda mpaka kukapatsa dzina la munthu, Robini, lochokera kwa Robati. Atafika kuno n'kupeza kathu kofananako, anakaninkhanso dzina lomwelo.

"Mwamva? Mbalame, dzina la munthu! Ine wandevu zanga, kumgodi ankanditchula Fosholo. Wamkulu ndani pamenepa? Ndisavule chipewa?"

Tsiku lina anavala jekete n'kukagogoda kwa a Nehemiya, aneba awo.

"Kwagwanji, sekuru?"

"Mphaka wanu akuzembera munthu wodziwika mpaka ku Ulaya. Mumulangize."

Nkhondo yeniyeni inabwera ndi mkamwini wawo, a Daison. Mgodi utasiya kulemba anthu, iwo anaganiza zodula chitsambacho kuti amangepo khola la nkhuku zogulitsa. Anafika ndi chikwanje n'kupeza apongozi atakhala kale pampando, manja apinda.

"Baba, shiri iyi, kambalame kanuka, imatidyetsa chiyani?"

"Ikona! Uthamangitse woimba kuti uikepo mbalame zopanda ndi dzina lomwe? Ine anandichotsa ntchito osanditsanzika n'komwe. A Robati zimenezo ayi!"

Mpando uja sunachokepo mpaka chisanu chinawagwetsa nkhalambayo. Ali gone, anagwira dzanja la mwana wawo Estere, mkazi wa a Daison.

"Ndani adzawapatse moni?"

Maliro atatha, a Daison ananola chikwanje n'kulowera kuseri. Estere ankasuzumira pazenera, mtima uli m'malere. Kambalame kaja kanayamba kuimba. A Daison anaima, anayang'ana uku ndi uku, kenako anavula kapusi.

Khola linamangidwa kutsogolo, pakhomo penipeni, moti alendo amalowa atagwira mphuno. Koma kunena zoona, a Sandifolo timawasowa. Masiku ano ku Maglas munthu amafika kumsika nthawi yabwino, popanda womuimitsa panjira ndi mbiri ya mbalame, ndipo sizikoma. A Robati akuimbabe m'chitsamba chawo, ndipo a Daison amawapatsa moni motsitsa mawu, kuopa aneba.